Dimba la zitsamba la mavolontiya cha ku Bembeke, mmene ndinalionera ine

Anthu angapo akhala akundifunsa za dimba la zitsamba lija amasamala anthu ongodzipereka kunja kwa Dedza boma, cha kunjira ya ku Bembeke, nde ndati ndingolemba kamodzi aliyense adziwerengere yekha. Kupita pitani ndithu. Koma ngati mukupita ndi mtima woti mukagula botolo limodzi lochiza shuga, BP, nyamakazi, chindoko ndi kusabereka pakamodzi, aja amalalikira m'mabasi aja, sungani transipoti yanu chifukwa mukabwerako mutatupa. Kumeneko kulibe zimenezo. Amagulitsa mbande, timapaketi ta masamba ouma a tiyi, uchi ukakhalapo, kenako amakuyendetsa m'dimbamo nkumakuuza kuti ichi ndi chakuti, chimathandiza chakuti, koma apa ndi apa osayerekeza. Pa nyenyezi zisanu ine ndikuwapatsa zinayi, imodziyo ndawalanda pa zinthu zoti akanatha kukonza ndi kachitini kamodzi ka penti ndi foni yoyaka.

Kafikidwe kake ndi komwe kamayamba kukupsetsa mtima. Kuchoka ku Lilongwe kufika pa Dedza ndi makilomita pafupifupi 85 pa M1, apo palibe vuto, minibasi zilipo tsiku lonse. Nkhani imayamba mukatsika. Chikwangwani palibe, akuti chinalipo koma wina anazula nkukasonkhera moto. Wa kabaza ukamuuza kuti ndikupita ku dimba la zitsamba amakufunsa kuti kwa asing'anga ake ati, nde muzinena kuti kuja kuli ming'oma ya njuchi kuja, apo amadziwa. Nambala imene amapereka nthawi zambiri imakhala yozima, mwini wake amakatchajitsa kumsika. Ndipo ngati mukuchokera kotentha, ku Salima kaya ku Balaka, tengani juzi yeniyeni osati kamalaya ka fasho. Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, palibe tauni ina m'Malawi muno yokwera kuposa pamenepo, phiri lake lija limapitirira mamita 2,000, ndipo mu Juni ndi Julayi kamphepo ka mmawa kamalowa mpaka m'mano.

Ukalowa pageti, geti lake ndi la nsungwi lomanga ndi luzi, chinthu choyamba kuganiza ndi choti anthuwa ndi aulesi. Sindikunama. Ife tinazolowera kuti dimba losamalika ndi mizere yoongoka, popalira mbee, zinyalala zonse zotenthedwa. Apa ayi. Masamba ogwa ali pansi pomwepo, udzu wa m'mbali mwa mpanda sanatchetche, pakona pali mulu wa miyala, pena chipika chowola changogona pakati panjira mpaka umachita kuchilumpha. Mayi wina amene tinafika naye nthawi imodzi anangoti "koma amayi, khasu mulibe kuno?" Amayi amene amatiyendetsawo anaseka, anati "Khasu lilipo asisi, koma muno muli eni ake ambiri, si ife tokha." Nkutigwadira pa chipika chija nkutionetsa timabowo tozungulira bwinobwino momwe mumalowa mabemberezi, pansi pake pali bowa, atakankha pang'ono khungwa panatuluka abongololo ndi nyongolotsi, dothi lake lakuda bii lofewa loti chala chimangolowa osalimbana nalo. Anati chipikachi chikatha kuwola ndi manyowa, ndipo pamene chikuwola chikudyetsa tizilombo timene abuluzi ndi achule amadya, achule omwewo ndi amene amawathandiza kuchepetsa nkhono ndi mbozi pa nazale.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi kabeseni kakale kothyoka mkombero, anakakwirira pansi mpaka m'khosi nkuthiramo madzi, mkatimo anaikamo miyala yotulukira pamwamba ndi kathabwa kopendekeka. Miyalayo ndi yoti njuchi zizitera pomwa madzi zisamire, kathabwako ndi koti chule kaya buluzi akagweramo atuluke. Madziwo amasintha pafupipafupi kuti udzudzu usaswane. Titaima pamenepo njuchi zinali mbwee pamiyalapo, apumbwa awiri akudikira pa nthambi kuti tichoke. Zinthu zake ndi zimenezo, palibe chogula kusitolo, zonse nzotola.

Mankhwala opopera a kusitolo salowa muno. Nsabwe za m'masamba zikavuta amasinja masamba a mthuthu, ena amati ombwe, kapena a deliya, nkuviika usiku wonse, kusefa, kuthirako kasopo pang'ono, ndipo amapopera madzulo njuchi zitalowa. Mthuthu womwewo anaudzala kuzungulira mabedi chifukwa cha mfuko. Koma anatichenjeza kuti mthuthu umapha nsomba, nde chidebe chimene wasungunuliramo osakatsukira kumtsinje. Ineyo ndinakulira koti mthuthu timaudziwa ngati wophera nsomba basi, za mbewu ndinazimvera konkuno.

Tsopano za mankhwala zenizenizo. Muli agogo ena aamuna, okalamba ndithu koma miyendo ikadali yolimba, amene amadziwa mitengo, ndipo mukawapeza tsiku lanu lakoma. Samadzitchula sing'anga, amati iwo anangoyenda kwambiri m'thengo ndi amalume awo ali mnyamata. Anatitengera pa mtengo wa muwawani, uja khungwa lake limawawa koopsa limene anthu amamwa m'mimba mukavuta. Anatulutsa kampeni, nkudula kachigamba kakang'ono koimirira, kutalika ngati chala, mbali ya kum'mawa, kenako nkutapa dothi lonyowa nkumata pabalapo. Anati "Mwanawe, akuluakulu akale ankati khungwa uzitenga kum'mawa ndi kumadzulo, kwinako usiye. Anthu amati ndi zizimba. Kaya ndi zizimba kaya ayi, koma mtengo wotengedwa choncho sufa." Nzoona, chifukwa chakudya chimene masamba apanga chimatsikira ku mizu kudzera m'kati mwa khungwamo, nde ukasenda kuzungulira thunthu lonse wadula njira, mizu imafa ndi njala ndipo mtengo umauma uli chiimire. Amene mumayenda m'mapiri a kuno mwaionapo mitengo yosendedwa choncho, yoyera mbuu kuchokera pansi mpaka pomwe mkono wa munthu unalekezera. Za mizu anatinso chimodzimodzi, kumba mbali imodzi, tenga muzu wa m'mbali osati waukulu wapakati, ukatha kwirira dzenje. Ogulitsa m'tauni sachita zimenezo chifukwa iwo akufuna thumba lidzaze lero.

Apa ndi pomwe ndinamvetsa kuti dimbali analiyambitsiranji. Gondolosi amene anyamata amayenda naye m'manja pa depoti ndi muzu, ndipo kuti upeze muzuwo chomera chonse chimazulidwa. Aliyense akukumba, wodzala palibe. Kuno anamudzala, amayanga pa mitengo chifukwa ndi chomera chokwera, ndipo azibambo akafika pamenepo mafunso amachuluka kkkk. Agogowo amangoti mbande ilipo, gulani mukadzale, mudikire. Wina anafunsa kuti nanga wokumba kale mulibe? Anati ulipo ku depoti.

Mlombwa anatifotokozera zimene ndikuona kuti aliyense wogula mbande yake azimve. Uja ukaudula umatuluka utomoni wofiira ngati magazi, anthu amapaka pa zipere, ndipo matabwa ake ndi amene akalipentala amalimbirana mpaka watha m'malo ambiri. Kambande kake kali ndi khalidwe lodabwitsa, chilimwe chikafika kamauma kumtunda konse, mvula ikagwa kamaphukanso, chaka china chimodzimodzi, zaka zingapo kakungotero, pamene pansi muzu ukukula. Anthu osadziwa amati kafa nkuzula, kapena kubwera kudzadandaula kuti munatigulitsa mbande yakufa. Nde iwo amakuuziratu kuti ikapo chikhomo, usakhudze. Masuku nawo, amene kuno ku Dedza timangotola m'thengo nkumagulitsa m'mabeseni m'mbali mwa msewu kuyambira cha mu Novembala, ali ndi zawo. Msuku ulipo waumuna ndi waukazi, wobereka ndi waukazi, ndipo ukafesa njere sungadziwe kuti watenga uti mpaka utakula. Komanso mbande yake imafuna dothi lotapa pansi pa misuku ikuluikulu chifukwa m'dothimo muli tinthu ta mtundu wa bowa timene timagwirizana ndi mizu yake, popanda timeneto kambande kamangokhala kachikasu osakula. Ku Makoka ku Zomba a ICRAF, bungwe lofufuza za mitengo ya m'minda, anagwirapo ntchito yolumikiza masuku kuti azibereka msanga, ndipo mnyamata wina wa m'gululi, amene anaphunzira ku koleji ya zankhalango ku Chongoni, akuyeserera kulumikiza yekha ndi lezala ndi timapepala ta pulasitiki. Zina zagwira zina ayi, amakuonetsa zonse osabisa.

Pali mvunguti umodzi waung'ono kumunsi kwa dimba komwe kuli kofunda pang'ono. Anati maluwa ake amatseguka usiku ndipo amene amanyamula mungu wake kwambiri ndi mileme, nde amene amadana ndi mileme asamafune mvunguti. Alovera ndi anzake a m'thengo aja amamera m'miyala anawadzala pamulu wa miyala uja, amachita maluwa ofiira nthawi yozizira pomwe maluwa ena asowa, timbalame tija ta milomo yaitali yopindika timachita kusinthana pamenepo. Koma anatiuzanso kuti madzi achikasu otuluka ukadula tsamba la alovera amatsegula m'mimba mwamphamvu, mayi woyembekezera asamwe, ana asamwe. Chanzi ndi mpungabwi zili paliponse m'mbali mwa tinjira, ukangokhudza ndi mwendo fungo lake limakwera. Chanzi amawiritsa anthu a chimfine ndi chifuwa, kapena kufukiza, mpungabwi ndi uja timamenya m'zipupa madzulo kuthamangitsa udzudzu. Amayi aja anawonjezera okha kuti "koma neti muzigonamo, mpungabwi si neti."

Mawu amenewo ndi amene akundipangitsa kuti ndiwalembe bwino anthuwa. Ndayendapo malo ambiri a zitsamba, ndipo pafupifupi konse munthu akangoona kuti uli ndi ndalama matenda ako onse amakhala ochizika. Kuno ndinaona ndi maso anga bambo wina atabwera ndi njinga, akuti mwana wake watentha thupi kuyambira dzulo, akufuna masamba a atemeziya chifukwa anamva kuti amachiza malungo. Atemeziya alipo m'dimbamo, bedi lathunthu, wobiriwira bwino chifukwa nyengo ya kuno amaikonda. Amayiwo anakana. Anati "Bambo, mwanayo muthamange naye kuchipatala akamuyeze magazi, LA ndi waulere, masamba awa sindikupatsani." Bamboyo anayamba kukwiya, akuti nanga munadzaliranji, ndalama ndili nayo. Iwo osagwedezeka, mpaka anamuuza mnyamata wina kuti amuperekeze kukafika pamsewu. Ndalama imeneyo akanatha kuilandira, gulu lake ndi losauka, keni yothirira ili imodzi yomata ndi phula. Sanalandire.

Ndipo akulondola. Chomeracho chinachokera ku China, ndipo ndi mmene munapezeka artemisinin, mankhwala amene mayi wina wa sayansi wa kumeneko, Tu Youyou, analandira nawo mphoto ya Nobel mu 2015. LA amene timalandira kuchipatala anachokera komweko, koma muli mankhwala awiri ophatikiza ndipo mlingo wake ndi woyezedwa, kumwa kawiri patsiku masiku atatu. Tiyi wa masamba mphamvu yake imasiyana malinga ndi dothi, nthawi yothyola, kaumitsidwe, kawiritsidwe, nde utha kungoziziritsa thupi tizilombo tikadali m'magazi, tikuzolowera mankhwalawo. A WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, ananena poyera mu 2019 kuti salimbikitsa kumwa masamba amenewa pochiza kapena kupewa malungo. Ife a Malawi nkhani ya mankhwala kutha mphamvu tinaiona kale, chloroquine tinamusiya mu 1993 chifukwa anasiya kugwira, tinapita ku Fansidar, nayenso anafooka, mu 2007 nkubwera LA. Amene anadwalapo malungo zaka za m'ma 1990 akukumbuka kuyabwa kwa chloroquine kopanda phindu kuja. Tikamuononganso LA ndi matiyi tilowera kuti? Funso la bambo uja loti nanga munadzaliranji ndinalifunsanso ine mwaulemu, anati ana asukulu akabwera amawaonetsa kuti mapiritsi amene amamwa anayambira pa chomera ichi. Yankho labwino, ngakhale ineyo ndikanakonda bedilo likanakhala laling'ono, chifukwa kukula kwake kumaitana anthu ngati bambo aja.

Mwanamphepo ndiye sakuonetsa nkomwe pokhapokha ufunse, ndipo ukafunsa amayamba akuyang'ana kaye pamimba. Amayi ambiri m'midzi amapatsidwa kuti matenda ayambe msanga pobereka, ndipo anamwino akhala akudandaula kwa nthawi yaitali kuti amabweretsa zowawa zamphamvu mopitirira muyeso njira isanatseguke, mpaka chiberekero kung'ambika. Amayi otiyendetsawo anati apongozi ambiri amabwera kudzafunira akazi a ana awo, onse amabwezedwa ndi mawu amodzi, pitani kusikelo. Amene ali pa ma ARV kapena mankhwala a shuga ndi BP amawauza kuti chilichonse chimene mukumwa kunyumba muziwauza adokotala, ndipo mapiritsi osasiya. Palibe pepala lililonse m'dimbamo lolembedwa kuti "chimachiza". Masiku ano bungwe la boma loona za mankhwala la PMRA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019, limayang'aniranso mankhwala azitsamba ndi kutsatsa kwake, koma mukatsegula wailesi madzulo mukudziwa nokha zimene timamva.

Tsopano poti ndawayamikira, ndinenenso zondinyansa.

Timapepala ta maina tinafufutika. Analemba ndi maka pa zidutswa za zigubu, dzuwa ndi mvula zadya, nde ukapita tsiku loti agogo aja kulibe, kapena amayi aja apita kumaliro, umangoyenda m'tchire osadziwa chimene ukuona. Tsiku lina ndinapeza mtsikana mmodzi yekha akuthirira, waulemu bwino, koma chilichonse ndikafunsa amati "adziwa ndi agogo." Nzeru zonse za dimba lija zili m'mitu ya anthu awiri ndipo mmodzi ndi wokalamba, palibe kope limene akulembamo, zimenezi zikundidetsa nkhawa kuposa china chilichonse. Achinyamata a m'gululi ali ndi mafoni, bwanji osawajambula agogowo akufotokoza mtengo uliwonse?

Timapaketi ta tiyi, wa lemoni girasi, wa chidede, wa chanzi, tilibe deti. Sudziwa kuti anathyola liti. Kaumitsidwe kake nkabwino, amayanika pa thandala mumthunzi osati pansi, ndinaona ndekha, koma paketi ina ya chidede imene ndinagula inali itayamba kafungo ka chinyontho, ndipo ku Dedza ndi nkhungu yathu ija zinthu zouma sizichedwa kuchita nkhungu zinzake. Nditawauza anandisinthira osakangana, koma deti alembe basi. Lemoni girasi ndiye analibe vuto, fungo lake ukangotsegula paketi nyumba yonse imadziwa. Uchi ndi weniweni, wakuda, wosathira shuga wowiritsa ngati wina wa m'mbali mwa msewu, koma kuupeza ndi mwayi, ming'oma ndi yochepa ndipo anthu amalembetseratu.

Airtel Money kapena Mpamba amati alipo koma ndi pa foni yozima ija, nde tengani kashi, komanso yosinthasintha chifukwa chenji sakhala nayo. Chimbudzi chilipo chokumba, chaukhondo, koma chitseko chake ndi thumba la feteleza, ndi mphepo ya kuno ija mukumvetsa. Pokhala palibe kupatula zipika. Nthawi yotsegula amati 8 koloko, koma 8 yake ndi ya anthu oti ayambe apita kumunda kwawo, makamaka nthawi yokumba mbatatesi kapena yopalira.

Ndipo china chimene sindikugwirizana nawo ndi kulimbana ndi nimu ndi cham'mwamba. Mitengo imeneyi ndi ya kotentha, pitani ku Golomoti mukangotsika Khwekhwelere, kapena ku Mtakataka, mukaiona ikusangalala yokha popanda wothirira. Kuno kumtunda imangokhala yonyentchera, chisanu chikabwera masamba onse pansi. Iwo akuti anthu amaifunsa kwambiri nde sangaisiye. Ine ndikuti madzi amene akutunga pamutu kuchokera kuchitsime nkumathira pa nimu wosafuna kukula akanathira pa zinthu za konkuno. Ngati mukukhala ku Dedza, Bembeke, Lizulu kapena Tsangano, mbande za nimu ndi cham'mwamba musagule, ndakuuzani. Ngati kwanu ndi ku Bwanje kapena Sharpevale gulani, zikakula.

Koma ukamadandaula umakumbukanso kuti anthuwa salipidwa. Alawansi palibe, tisheti palibe, galimoto ya bungwe yoima pageti palibe. Ndi amayi a m'midzi yozungulira, aphunzitsi ena opuma, achinyamata ochepa amene ntchito sanaipeze, amagawana masiku, Lachiwiri awa Lachisanu awa. Ndalama ya mbande imagula machubu ndi kukonzetsa zida, ikatsala amagula shuga womwera tiyi tsiku la ntchito. Machubu akadula, monga zinakhalira kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, anayamba kutola mapaketi a shuga ndi a mkaka nkumaboola pansi. Nde mukagula mbande ili mu paketi ya chakumwa musadabwe. Mtengo wake ndi wotsika poyerekeza ndi nazale za ku Lilongwe, ndipo sakuonjezera chifukwa wabwera pa galimoto, zimene ndi zachilendo.

Adani awo ndi atatu, mbuzi, moto ndi anthu. Mbuzi zikamasulidwa anthu akakolola zimaboola mpanda, nde anadzala khonje kuzungulira. Moto ndi wa anyamata osaka mbewa kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, chaka chilichonse amalambula njira yotchinga moto kuzungulira dimba lonse ndi makasu, ntchito yowawa yoti munthu wolipidwa akanakana. Anthu ndiye amabwera usiku kudzasenda makungwa ndi kukumba mizu, anandionetsa muwawani wina wosendedwa mbali yonse, agogo aja anaumata ndi dothi ndi ndowe nkuukulunga ndi chiguduli kuti mwina upulumuke. Akuti anakadandaula kwa amfumu, amfumu analengeza pamaliro kuti wogwidwa adzalipira mbuzi, zinachepako. Lamulo la zankhalango analikhwimitsa mu 2020, koma makala akutsikabe m'mapiri pa njinga mmawa uliwonse, aliyense wodutsa pa M1 amawaona.

Nkhani imene inandiseketsa ndi ya kadzidzi. Mnyamata wa ku Chongoni uja anakhoma bokosi pamtengo wautali kuti kadzidzi azigonamo, chifukwa kadzidzi amadya makoswe ndi mbewa zimene zimaononga nazale. Gulu linagawanika pakati. Amayi ena anati ife sitingamagwire ntchito pamalo poweta kadzidzi, anthu kumudzi atiyesa chani, kale akutinena kuti timasunga zitsamba. Anakambirana mpaka kwa atcheya, mapeto ake bokosilo analisamutsira kumalire kwenikweni, kutali ndi njira. Amayi amene amandiuza nkhaniyi ndi mmodzi mwa okanawo, ndipo mpaka lero sadutsa kumeneko, koma anavomera okha kuti makoswe achepa. Bilimankhwe yekha ndiye anamuzolowera onse. Tinamupeza pa nthambi ya mpoza akuyenda monyinyirika muja amachitira, diso limodzi kwa ife lina kwa chiwala, mwana wina wasukulu anatola mwala, amayiwo anangoti "Iwe, siya, ameneyo ndi wantchito mnzathu, salandira alawansi ngati ife tomwe." Za njoka amakuuza zoona, zilipo, pamulu wa miyala paja osapisa dzanja, valani nsapato zotseka osati mapatapata, ndipo ana muziwagwira. Iwo sazipha, koma ikakhala mphiri yoti yakhazikika panjira, apo ndiye gulu silinagwirizanenso.

Mbande zimene ndinagula, chanzi, mpungabwi, lemoni girasi ndi alovera zinagwira zonse mosavuta. Msuku ukukula pang'onopang'ono mmene ananenera, anandipatsa ndi kathumba ka dothi la pansi pa misuku kaulere. Mpoza unafa, koma nkhuku za aneba ndi zimene zinafukula. Chimene ndinakonda pogula ndi choti amayamba akufunsa kuti kwanu nkuti, dothi lake ndi lotani, madzi muli nawo, mbuzi zilipo, ndipo akaona kuti chinthu sichikakula kwanuko amakuuza kuti musataye ndalama, kupatula pa nimu paja pomwe mtima wawo uli wofewa.

Amene mukufuna kukagula zokadzala, nthawi yabwino ndi mvula ikakhazikika, nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, koma mukadikira mpaka Febuluwale mukapeza mitundu yabwino yatha, masukulu ndi mipingo amakhala atatenga. Kanjira kake nthawi ya mvula ndi koterera, galimoto yaing'ono isiyeni kumsewu. Amene mukungofuna kukaona mbalame ndi maluwa a alovera pitani mu Juni kapena Julayi, mmawa, mutavala bwino. Ngati mwachokera kutali mutha kuphatikiza ulendo ndi zojambula za pamiyala za ku Chongoni, zimene UNESCO inaziika pa mndandanda wake mu 2006, malo ake alipo 127 koma ofikika mosavuta ndi monga Chentcherere ndi Mphunzi, kapena kutsika Khwekhwelere kukafika ku Mua. Aphunzitsi amene mukufuna kubwera ndi ana tumizani uthenga kudzera kwa munthu sabata isanafike, osadalira foni ija, ndipo nenani kuti mukufuna tsiku loti agogo alipo.

Polowa salipiritsa, pali kachitini pageti woponya aponye. Mukamapita tengani katoni yonyamulira mbande chifukwa iwo alibe, ndipo ngati kunyumba kuli mapaketi opanda kanthu a shuga kapena mkaka, keni yakale, kaya penti wotsala ndi kabulashi, anyamulireni, amalandira.